Momwe mungakaonere mabwinja a mafumu a Tusi m'mapiri a ku China

M'mapiri a m'zigawo za Guizhou, Hubei ndi Hunan ku China muli mabwinja a malikulu atatu a mafumu amene ankatchedwa tusi. Malowa ndi Hailongtun, Tangya ndi Laosicheng, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pamodzi pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2015. Tusi anali mfumu ya mtundu wake, yobadwira m'banja lachifumu, koma mpando wake unkatsimikizidwa ndi mfumu yaikulu ya China. Ankalandira chidindo ndi kalata ya udindo, iye n'kumapereka mtulo ndi kutumiza ankhondo boma likawafuna. Ife amene tinazolowera kuona banja likusankha mfumu, boma n'kudzaivomereza, zimenezi sizitidabwitsa. Kusiyana kwake n'kwakuti tusi anali ndi asilikali akeake, ankatolera msonkho wake, ndipo ankaweruza anthu ake mpaka pa milandu ikuluikulu. Dongosololi linakhazikika m'zaka za m'ma 1200 ndipo m'madera ena linafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Musananyamuke dziwani chinthu chimodzi, chifukwa ndi chimene chingakutsegulireni maso mukafika. Mabanja atatuwa anakhala ndi boma m'njira zosiyana, ndipo miyala yawo ikuonetsa zimenezo. A Yang a ku Hailongtun anagalukira, linga lawo n'kutenthedwa. A Qin a ku Tangya anali mafumu aang'ono amene ananyadira kutumikira boma. A Peng a ku Laosicheng anakhala pampando zaka zoposa 800 mpaka boma linathetsa ufumu wawo popanda nkhondo. Wopita osadziwa izi amangoona makoma ogumuka ndi udzu.

Choyamba: sankhani mwezi

Miyezi yabwino ndi April, ndiponso kuyambira kumapeto kwa September mpaka November. Kuyambira May mpaka July mvula imagwa kwambiri m'mapiri amenewa, miyala imachita ndere, ndipo misewu ya m'zigwa nthawi zina imatsekeka ndi zigumukire. December mpaka February kumazizira kopweteka mafupa, kuphiri kumagwa chisanu chouma, masitepe n'kumaterera ngati apakidwa sopo. Pewani sabata yoyamba ya October, masiku oyambirira a May, ndi nyengo ya chaka chatsopano cha ku China imene imagwa mu January kapena February. Masiku amenewo dziko lonse limakhala pa ulendo, ndipo matikiti a sitima amatha tsiku lomwelo limene ayamba kugulitsidwa.

Kuti muone malo onse atatu mochokera ku Guangzhou ndi kubwerera, ikani masiku 7 kapena 8. Ngati mwapita kukaoda katundu ndipo mwangotsala ndi masiku atatu, musadzigawe: pitani ku Hailongtun kokha.

Chachiwiri: mapepala ndi foni

Viza imatengedwa musananyamuke, ku ofesi ya kazembe wa China ku Lilongwe, ku Lusaka kapena kumene mukukhala. Pasipoti ikhale ndi miyezi yosachepera 6 isanathe. Pasipotiyo ndiye tikiti yanu ya sitima ndiponso ndi imene amafuna pogula tikiti yolowera pamalo aliwonse, choncho tsiku lokwera phiri musaisiye kuhotela. Ikulungeni m'kajumbo kapulasitiki, thukuta ndi mvula zisailowe.

Foni ikonzeni mudakali kwanu. Google, WhatsApp ndi Facebook sizigwira pa intaneti wamba ya ku China. Ikani Alipay kapena WeChat, mapulogalamu olipirira pafoni, n'kulumikiza khadi lanu la Visa kapena Mastercard, chifukwa ngakhale mayi wogulitsa chimanga chootcha pachipata amalandira ndalama pafoni. Yesani kulipira kanthu kakang'ono tsiku lofika. Khadi likakana, kawirikawiri ndi banki yanu imene yatseka poona malonda achilendo, ndiye iuzeni za ulendowu musanakwere ndege. Sungani ndalama zapamanja za ku China, yuan 300 mpaka 500 zosinthasintha. Mapu ogwira bwino ndi Amap ndi Baidu. Ikaninso pulogalamu yomasulira imene imagwira popanda intaneti, ndipo pemphani wa pahotela akulembereni mayina a malo atatuwa m'zilembo za Chitchaina papepala. Madalaivala a kumidzi sawerenga dzina lolembedwa m'zilembo zathuzi, ndipo katchulidwe kathu ka Xianfeng kapena Yongshun sakumva.

Mahotela ena a m'matauni ang'onoang'ono sadziwa kulembetsa mlendo wakunja kupolisi, zimene lamulo limafuna pasanathe maola 24, ndiye amangokana. Mukasungitsa chipinda, tumizani uthenga wofunsa ngati amalandira pasipoti yakunja. Nthawi ya ku China ili patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi ya ku Malawi, choncho musakwere phiri m'mawa wotsatira tsiku limene mwatsika ndege.

Chachitatu: njira

Matikiti a sitima amayamba kugulitsidwa kutatsala masiku 15, pa pulogalamu ya 12306 kapena pa Trip.com. Kuchokera pa siteshoni ya Guangzhou South, sitima yothamanga imafika ku Guiyang m'maola 4 kapena 5, ndipo kuchoka ku Guiyang kufika ku Zunyi, mzinda wa pafupi ndi Hailongtun, sipakwana ola limodzi. Mukathana ndi Hailongtun, kwerani ya ku Chongqing, mudzere ku Qianjiang, mutsike ku Xianfeng kumene kuli Tangya. Njanji yomweyo imapitirira mpaka ku Zhangjiajie West, kumene mumasintha n'kukwera ya ku Furongzhen, siteshoni ya m'boma la Yongshun, kumene kuli Laosicheng. Njanji ziwiri zomalizazi ndi zatsopano, ya ku Xianfeng inatsegulidwa mu 2019, ya ku Furongzhen mu 2021, ndipo ndi zimene zapangitsa kuti ulendowu utheke m'sabata imodzi.

Fikani pa siteshoni kutatsala ola lathunthu. Katundu amadutsa pa makina ngati pabwalo la ndege, ndipo mpeni wosendera zipatso ukhoza kulandidwa. Pachipata chokwerera pitani pamzere wa kumphepete pamene paima munthu, chifukwa makina ena sawerenga pasipoti. Mizinda ikuluikulu ili ndi masiteshoni angapo otalikirana kwambiri: werengani ngati tikiti yanu ikunena North, West, East kapena South.

Chachinayi: kukwera Hailongtun

Linga limeneli lili paphiri la Longyan, pafupifupi makilomita 30 kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Zunyi. Tengani takisi kapena galimoto ya pa Didi, pulogalamu yoitanira galimoto pafoni, ndipo mugwirizane ndi dalaivala za nthawi yodzakutengani, chifukwa madzulo magalimoto amasowa kumeneko. Dzulo lake pemphani wa pahotela aimbe kuti afunse ngati kuli kotsegula, poti mvula ikagwa yambiri amatseka njira. Yambani kukwera 9 koloko isanakwane ndipo muwerengere maola 4 kapena 5 kupita ndi kubwera. Tengani madzi malita awiri, kamba wa mazira owiritsa, mtedza ndi nthochi, chovala cha mvula chopepuka, ndi nsapato zamazinga pansi. Ambulera siithandiza, chifukwa pali malo amene manja onse awiri amafunika.

Banja la Yang linayamba kulamulira dera la Bozhou, kumene lero kuli Zunyi, mu 876, pamene Yang Duan analanda dzikolo. Linga loyamba paphiripo linamangidwa mu 1257, ndipo analimanga mogwirizana ndi boma la China la mzera wa mafumu a Song pofuna kutchinga ankhondo a ku Mongolia. Patapita zaka zoposa 300, Yang Yinglong, mfumu ya banja lomweli, analikulitsa n'kulisandutsa pobisalira pake polimbana ndi boma la China la nthawi imeneyo, la mzera wa mafumu a Ming. Ndiye mukamayenda, yang'anani mitundu iwiri ya makoma. Ena ndi a miyala yaing'ono yosanjidwa mosasema bwino, amenewo ndi akale. Ena ndi a miyala ikuluikulu yosemedwa makona anayi, yomatidwa ndi laimu, ndipo amenewo ndi a Yang Yinglong. Phiri limodzi lomwelo linamangidwa koyamba kuteteza boma, kachiwiri kulimbana nalo.

Zipata zilipo 9, ndipo 6 zili kum'mawa kumene mumakwerera. M'munsi mumapeza ziwiri zoyang'anana, Tongzhu ndi Tiezhu, kutanthauza mzati wamkuwa ndi mzati wachitsulo. Imani pamenepo mutukule maso. Mudzaona kuti aliyense wolowa apa amaonekera kwa munthu amene ali pamwamba, koma iye samuona. Kenako pali kabwalo kamene okwera pa akavalo ankatsikira, chifukwa kupitirira apo kavalo sakanatha.

Pamenepo ndi pamene pali masitepe 36 otchuka. Sitepe iliyonse ndi yaitali pafupifupi theka la mita, kufika m'bondo mwa munthu wamkulu, ndipo pamwamba pake sipali pathyathyathya, pamapendekera kunsi. Anachita dala. Msilikali wonyamula chishango ndi mkondo sakanatha kukwera osaika dzanja pansi, ndipo miyala yogubuduzidwa kuchokera pamwamba inkatsika mosaima. Kwerani chammbali, dzanja limodzi pa sitepe yakutsogolo, mwendo wamphamvu patsogolo, ndipo muzipuma mukakwera masitepe 6 alionse. Siyani mpata wa masitepe atatu pakati pa inu ndi mnzanu. Anthu ambiri amavulala potsika osati pokwera, chifukwa miyendo imakhala itatopa ndipo kupendekeka kuja kumakankhira phazi kutsogolo. Ngati miyala yanyowa, kapena muli ndi vuto la mawondo, mtima kapena kuthamanga kwa magazi, dzerani njira yolambalala imene anakonzera alendo, ndipo masitepewo muwaonere pamwamba. Mumawaona bwino kwambiri muli pomwe ankaima owateteza.

Pamwamba pa masitepe pali chipata cha Feihu, chomangidwa pakamwa pa thanthwe. Mukachidutsa mumayenda m'njira yosemedwa m'mwala mpaka ku Feilong, kenako Chaotian ndi Feifeng. Pa Feilong ndi Chaotian yang'anani pamwamba pa khomo: mayina a zipatazo analembedwa ndi Yang Yinglong mwiniwake, ndipo anasainira ndi udindo wa usilikali umene anapatsidwa ndi boma lomwe ankalimbana nalo. Paphiripo panapezekanso mwala wa malamulo olowera, wonena kuti aliyense wokwera kapena wotsika ayenera kuonetsa chiphaso. Amisiri, onyamula katundu ndi alendo onse ankawerengedwa.

Pamwamba phirilo ndi lotakasuka, ndipo malo okwera kwambiri ndi mamita 1,354. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa: amafika ali wefuwefu, amajambula zithunzi pa chipata chomaliza, n'kubwerera. Pitirirani mpaka ku mabwinja a nyumba yachifumu yatsopano, imene akatswiri ofukula zakale anayamba kuifukula mu 2012. Chimene chatsala ndi maziko, masitepe, ngalande ndi miyala imene mizati inkakhalapo. Kuti muimvetse, pezani mzere wapakati wochokera pakhomo lalikulu kukwera kumtunda. Kutsogolo kunali bwalo la milandu ndi ntchito za boma, kumbuyo kogona, monga momwe maofesi a boma la Ming ankamangidwira. Werengani miyala ya mizati ndipo mudziwa kukula kwa chipinda chilichonse. Pamalopa panafukulidwa mapale ambirimbiri a mbale zoyera zamaluwa a buluu zochokera ku Jingdezhen, mzinda wotchuka poumba mbale, mitu ya mivi, zidutswa za zovala zankhondo ndi matailosi a denga. Kachisi wa Haichao amene waima pakati pa mabwinjawo anamangidwa nkhondo itatha.

Nkhondoyo inachitika mu 1600. Boma linatumiza asilikali pafupifupi 240,000 motsogozedwa ndi Li Hualong, olowa m'njira 8, ndipo inatha masiku 114. Zipata za kum'mawa sizinagonje msanga. Lingalo linathyoledwa chakumbuyo, kumadzulo, kumene phirilo limalumikizana ndi zitunda zina. Yang Yinglong anayatsa nyumba yake n'kudzipha, ndipo ufumu wa zaka zoposa 700 unathera pomwepo. Ngati mphamvu zilipo, yendani mpaka ku chipata cha Wan'an ndi ziwiri zakumbuyo kwake, muone nokha kusiyana kwa mtunda wa uko ndi phompho la kum'mawa. Nkhungu ikagwa, ndipo imagwa mwadzidzidzi, musachoke m'njira yokonzedwa. Yambani kutsika 3 koloko isanakwane.

Mukakhala ndi tsiku lina ku Zunyi, kaoneni manda a Yang Can, mfumu ya banja lomweli ya m'nthawi ya Song, amene ali ndi zosemasema za pamwala. Malo ambiri osungirako zinthu zakale ku China amatseka Lolemba.

Chachisanu: Tangya

Tangya ili pafupifupi makilomita 30 kuchokera m'tauni ya Xianfeng, pamtsetse woyang'ana mtsinje wa Tangya, phiri lili kumsana. Maola awiri kapena atatu akukwanani, ndipo kuyenda kwake n'kosavuta. Banja la Qin, la mtundu wa anthu a m'mapiri amenewa otchedwa Tujia, linakhazikika pano m'zaka za m'ma 1300 mpaka ufumu wawo unathetsedwa mu 1735. Anthu amati mzindawu unali ndi misewu 3, tinjira 18 ndi mabwalo 36, ndipo msewu waukulu woyalidwa miyala mukhoza kuutsatabe ndi mapazi.

Chofunika kuchiona ndi chipata chamwala chachikumbutso, chachitali kuposa mamita 7, chimene chinaimikidwa cha m'ma 1624 boma litathokoza mfumu Qin Ding chifukwa chothandiza kugonjetsa mafumu ena ogalukira. Chizungulireni mbali zonse ziwiri. Mawu a kutsogolo ndi a kumbuyo akutamanda ufumuwu kuti ndi tchinga la malire a boma, ndipo pakati pa zosema zotengedwa m'nthano za Chitchaina pali chithunzi cha mfumu ya kuno ili pa ulendo ndi anthu ake. Pitani m'mawa dzuwa likadali chammbali, chifukwa masana zosemazo sizioneka kuya kwake. Kumtunda kuli manda a mafumu omangidwa ngati nyumba yamwala ya zipinda, pamodzi ndi manda a mayi Tian, mkazi wa Qin Ding. Kumunsi kufupi ndi mtsinje kuli akavalo awiri amwala ndi owagwira awo, osemedwa mu 1611.

Chachisanu ndi chimodzi: Laosicheng

Mukatsika pa Furongzhen, musathamangire ku mabwinja. Yambani mwalowa m'tauni yakale ya Furong, imene kale inkatchedwa Wangcun, mukaone mzati wamkuwa wa Xizhou. Ndi wa makona 8, wautali pafupifupi mamita 4, ndipo unapangidwa mu 940. Pa mzatiwo panalembedwa pangano la mtendere pakati pa Ma Xifan, mfumu ya dziko la Chu limene linkalamulira Hunan nthawi imeneyo, ndi Peng Shichou, mfumu ya banja la Peng: a Peng avomereza ulamuliro wa Chu, a Chu sadzalowerera m'dziko la a Peng. Unasunthidwa pamalo ake oyamba pamene madzi a damu ankati aumize. Mukauona mzatiwu, zonse za ku Laosicheng zimamveka, chifukwa pangano limenelo ndilo linalimbitsa ufumu umene unakhala kuyambira 910 mpaka 1728.

Laosicheng ili pafupifupi makilomita 20 kum'mawa kwa tauni ya Yongshun, m'mphepete mwa mtsinje wa Lingxi. Inakhala likulu kuyambira 1135 mpaka 1724. Ikani theka la tsiku kapena kuposerapo. Yambirani m'nyumba yosungiramo zakale imene ili polowera, muone chifanizo cha mzinda wonse, chifukwa mukafika pansi simungathe kuona malire a zigawo zake. Kuno yang'anani pansi kwambiri kuposa m'mwamba. Misewu inayalidwa ndi timiyala ta mumtsinje toimikidwa chammbali, tosanjidwa m'mizere ndi m'maonekedwe osiyanasiyana, ndipo tikanyowa timaterera. Tsatirani ngalande zikuluzikulu zimene zimatsika m'mbali mwa makoma. Mzinda womangidwa pamtsetse m'dziko la mvula yotere ukanakokoloka kalekale pakanapanda ngalandezo, ndipo luso la amisiri a kuno likuonekera pamenepo kuposa pena paliponse.

Pali chigawo chogona mfumu ndi chigawo cha maofesi, chilichonse ndi khoma lake. Chakum'mwera kwake kuli manda a Zijinshan, oposa 100, ena okhala ndi njerwa zosemedwa maluwa ndi nyama. Mmodzi mwa mafumu a banjali ndi Peng Yinan, amene mu 1555, akadali mnyamata, anatsogolera ankhondo a Tujia ulendo wautali kupita kugombe la kum'mawa kukamenyana ndi achifwamba a panyanja pa Wangjiangjing. Umu ndi momwe a Peng ankasungira mpando wawo: boma likaitana, ankapita. Tsikirani kumunsi kwa mtsinje mukaone kachisi wamatabwa wa Zushi, amene adakali chiimire ndi denga lake.

Mosiyana ndi Hailongtun, kuno kukukhalabe anthu, ndipo ena ndi a mbumba ya mabanja omwewo. Manda amene mukuwaonawo ndi a makolo awo. Musakhale pa mwala wa manda, musaponde pamwamba pake, ndipo pemphani musanajambule munthu kapena khomo la nyumba yake. Mukapeza akuvina gule wa maogusi, amene ovina amavala udzu thupi lonse poimira makolo akale, funsani kaye ngati kujambula n'kololedwa.

Zoti musachite pamalo onse atatu

Mvula ikagwa, mapale ndi zidutswa za matailosi zimatulukira m'mbali mwa njira. Zisiyeni pomwepo. Lamulo la China limati chilichonse chakale chopezeka m'nthaka ndi cha boma, ndipo kupezeka nacho m'chikwama pabwalo la ndege ndi mlandu. Kupatula apo, phale likachoka pamalo pake limataya zonse zimene likanauza ofukula, chifukwa amadziwa zaka za nyumba poona dothi limene chinthu chapezekamo. Musakwere pa makoma kapena kutsamira zipata: mwala umodzi ukasuntha, madzi amalowa, chisanu n'kumaliza ntchito. Osalemba dzina pamwala, osasuta fodya m'nkhalango kapena m'kachisi wamatabwa, ndipo kandege kojambulira musakaulutse popanda chilolezo.

Zakudya za m'madera onsewa n'zatsabola wambiri ndipo nyama ya nkhumba imalowa ngakhale m'ndiwo zamasamba. Ngati simudya nkhumba, lembetsani zimenezo papepala lomwe lija, kapena funani malo odyera a Asilamu amene amalemba kuti qingzhen. Madzi a pampopi musamwe osawiritsa. Nambala ya polisi ndi 110, ya ambulansi ndi 120, koma kuphiri foni imatha moto msanga posaka netiweki, ndiye nyamulani batire yapadera yodzaza ndipo nambala ya dalaivala wanu muilembenso papepala.